Ulendo wa Wosauka Aulipira Ndani?

Cimanga cikalowa m'nkhokwe ndi nsawa zikauma, m'miyezi ya June ndi July, midzi ya ku Kasenengwa imayamba kutaya ana ace. Anyamata ndi atsikana amene anatsiriza sukulu, ena atapambana mayeso ena atalephera, amamanga tizikwama tao natsikira ku mseu waukulu wocokera ku Chipata kunka ku Lusaka. Ambiri a iwo m'thumba muli ndalama ya basi yopitira yokha, ndi kena kocepa pamwamba pace. Akafunsidwa kumene adzagona, amachula dzina la amalume kapena azakhali amene anawaona komariza ali ana. Akafunsidwa za ndalama yobwerera, amaseka nati, "Zikaoneka konko."

Pa nkhani imeneyi akulu ndi acinyamata sagwirizana, ndipo mkangano wao ngwakale. Akulu amati munthu asanyamuke kufikira kamba atakwana, pakuti wonyamuka cimanjamanja amakasanduka mtolo wa eni. Acinyamata amayankha kuti kamba wa mwana wa mlimi sakwana ndi kale lonse, ndipo wodikira kuti akwane adzamera imvi ali pa khonde la amace. Onse anena zoona, ndico cifukwa cace mkanganowo sutha. Koma pansi pa mkanganowo pagona funso lina limene silifunsidwa poyera kawirikawiri. Ulendo uli wonse uli ndi mtengo wace: mimba ifuna kudya tsiku liri lonse, thupi lifuna pogona, galimoto imamwa mafuta. Ngati woyendayo sanalipire mtengo wonsewo, ndiye kuti wina anaulipira. Kodi winayo ndani, ndipo woyendayo ali naye mangawa otani?

Kuyenda ndi kamba wocepa si cinthu cacilendo m'dera limeneli. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa; koma iwo anayenda ndi mikondo ndi zishango, ndipo mtengo wa ulendo wao unalipidwa ndi mitundu imene anaipeza m'njira. Ulendo wa munthu wosauka wofuna nchito unayamba pambuyo pa nkhondo ya 1898, pamene asilikali a azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni, napha mwana wace Nsingu, nalanda ng'ombe zikwi zambiri. Posacedwa panabwera msonkho wa nyumba, wofuna ndalama, ndipo ndalama sizinali kumera m'munda. Nthaka yabwino yambiri yozungulira Fort Jameson, ndilo dzina limene Chipata anali nalo kufikira 1967, inali m'manja mwa kampani ya North Charterland ndi azungu olima fodya, amene malipiro ao anali ocepa ndithu. Cotero anyamata anayang'ana kumwera, ku migodi ndi ku mapulazi a Southern Rhodesia, dziko limene tsopano ndi Zimbabwe, ndipo ku mudzi anthu anali kungoti, "Anapita ku Halale."

Anali kupita pansi. Ena anadzera ku Feira, kumene Luangwa athira mu Zambezi, ena anadzera m'dziko la Apwitikizi kukaoloka pa Tete, ndipo ulendowo unali kudya masabata angapo. Katundu wa mnyamata anali bulangeti kapena kamphasa, kankhwangwa, kamphika, ndi thumba la ufa, nsawa ndi cimanga cokazinga. Sanali kuyenda mmodzimmodzi, kuopa mikango ndi acifwamba. Anali kudikirana kufikira atakwana gulu, natsogoza munthu amene anapitako kale, wodziwa pamene pali madzi ndi midzi imene eni ace samana moto. Ufa ukatha anali kuima pa pulazi kapena pa mudzi, nagwira ganyu masiku owerengeka, napitirira. Oyenda motero anachedwa aselefu, ndiko kuti odzipitira okha, osalembedwa ndi munthu.

Koma si onse amene ufa unawafikitsa. M'caka ca 1903 ku Southern Rhodesia kunakhazikitsidwa bungwe lolemba anthu a nchito za ku migodi, Rhodesia Native Labour Bureau, limene anthu analicha cibalo. Olemba a bungwelo anali kudziwa bwino malo amene njala imagwirira munthu wa pa ulendo, ndipo anali kudikira pa madooko ndi pa mphambano za njira ali ndi ufa, bulangeti ndi lonjezo la kumfikitsa. Mnyamata wanjala akalandira zimenezo anali kudinda cala pa pepala lomumanga miyezi 12, natumizidwa ku mgodi umene aselefu anali kuulambalala cifukwa ca nkhanza kapena imfa za kumeneko, pa malipiro ocepera a anzace. Wa selefu akamva kuti bwana wa pakuti ngwoipa, anali ndi mpata wa kukayesa pena. Wa cibalo analibe. Anthu awiriwa sanasiyane nzeru kapena mphamvu. Anasiyana thumba limodzi la ufa.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayambitsa malole onyamula anthu ofuna nchito popanda kulipira, pamodzi ndi misasa ya m'njira yopatsa cakudya ndi pogona. Anthu anawacha Ulere. Nzoona kuti Ulere anapulumutsa miyendo ndi miyoyo ya ambiri, ndipo kukana zimenezo kungakhale kusayamika. Koma boma lija silinagule mafuta cifukwa ca cifundo. Linafuna manja otsika mtengo a m'minda ya fodya ndi m'migodi, ndipo linafuna kuti manjawo atsikire kwa ilo, asapitirire ku Johannesburg kumene malipiro anali okwera. Wokwera Ulere analipira ndithu, koma analipira pambuyo pace, pang'onopang'ono, m'malipiro ocepa a mwezi ndi mwezi, osaliona tsiku limene anapereka.

Apa paoneka kuti kamba si cakudya cabe. Kamba ndiye amapatsa munthu mphamvu ya kunena kuti iai. Akulu akamaumirira za kamba, ngakhale ena a iwo sangathe kulongosola cifukwa cace, akumbukira zimene zinagwera atate ao pa madooko a Zambezi.

Cibalo ndi Ulere zinatha kale. Mseu wa makilomita pafupifupi 570 wocokera ku Chipata kufika ku Lusaka ngwa tara, ndipo basi yonyamuka mbandakuca imafika tsiku lomwelo, itadutsa Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba, nioloka Luangwa pa ulalo umene unatsegulidwa mu 1968. Ulendo wa masabata wasanduka wa maola. Koma kufupika kwa njira kwabwera ndi cinyengo cace. Wa pansi anali kudziwa kuti ulendo ngwautali, nakonzeka. Wa pa basi amayesa kuti tikiti ndiye ulendo wonse, osazindikira kuti ulendo weniweni uyamba pamene watsika pa Intercity, kumene madzi akumwa, cimbudzi ndi malo osungirapo cikwama zonse zifuna ndalama.

Mwana wa ku Kasenengwa adziwa kucepetsa mtengo, ndipo nzeru zace nzoyamikika. Kucokera ku mudzi kufika pa mseu amapita pansi kapena kukwezedwa pa njinga ya mbale wace. Amanyamula mbatata zophika, nsawa zokazinga ndi botolo la thobwa, kotero kuti pa ulalo wa Luangwa, pamene anzace atsika kukagula nsomba, iye amangoyang'ana pa zenera. Wina amapempha malo pa lole yonyamula cimanga kapena soya, nakhala usiku wonse m'mphepo pa mtengo wotsika, ngakhale adziwa kuti loleyo ikagwa m'mapiri palibe buku limene dzina lace linalembedwamo. Wina akafika mdima utagwa amagona pa simenti ya pa siteshoni atakumbatira cikwama, kudikira kuti kuce. Mtengo wa zonsezi aulipira ndi thupi la iye mwini, ndipo palibe angamtsutse, pakuti thupi la zaka 19 limapirira zimene la zaka 50 silingathe. Ici ndico cuma ca unyamata, ndipo nkoyenera kucidya cisanathe.

Nanga tikiti uja anacokera kuti? Kawirikawiri anacokera m'thumba la nsawa za Chalimbana limene mai anasunga kuti likhale mbeu, kapena m'mbuzi imene inali kudikira tsiku la matenda. Mai sachula mtengo wace. Amangomanga ndalamayo m'kansalu, nati, "Uyende bwino mwanawe, ukafika ukatiimbire foni." Mnyamata amene amasimbira anzace kuti ulendo wace sunamdyere ndalama waiwala kuti mu November munda wina udzabzalidwa mbeu yopempha.

Wolipira wina ndiye wolandira mlendo, ndipo apa ndi pamene pali mfundo yobvuta. Mwambo wa Acewa ndi Angoni sulola kufunsa mlendo tsiku limene adzabwerera. Amayamba walandiridwa katundu ndi kupatsidwa pokhala, nsima iphikidwa, ndipo nkhani zibwera pambuyo. Ciwongo cokha cimatsegula khomo. Phiri apeza mbale pali ponse pamene pali Phiri, Jere pamene pali Jere, ndipo ku Kitwe ndi ku Ndola Mngoni amalowa m'nyumba ya Mbemba ndi cipongwe ca cimbuya, nadya. Mwambo umenewu ndi cuma cacikulu, ndipo popanda uwo ana a alimi owerengeka okha akadauona mzinda. Koma mwambowo unabadwira ku mudzi, kumene cakudya cicokera m'nkhokwe, nkhuni ku chire, madzi ku citsime, ndipo mlendo wokhalitsa amatenga khasu m'mawa natsata eni nyumba kumunda, kotero kuti pakamwa pamodzi pabwera ndi manja awiri. Ku Chawama, ku Kanyama kapena ku Matero kulibe nkhokwe. Ufa ugulidwa, nthawi zina m'timapulasitiki timene anthu a ku Lusaka amaticha pamela, tokwana mphika umodzi kapena iwiri; makala agulidwa, madzi agulidwa pa cigubu, ndipo cipinda cimene mlendo agonamo ciri ndi mwini wace amene amagogoda pa kutha kwa mwezi. Amalume amene ku mudzi amachuka kuti ngolemera, cifukwa anabwera ku maliro atabvala jekete, angakhale ali mlonda wa usiku wodyetsa anthu 7. Mlendo akafika iwo sadzanena kanthu. Nsima idzangocepa m'mbale ya ana.

Makolo anati mlendo ndi mame. Mwambiwo uli ndi nsonga ziwiri, koma alendo amakonda kumva imodzi. Ulamula mwini nyumba kuti asaume manja, pakuti mlendo sakhalitsa. Ulamulanso mlendo kuti akhale mame ndithu, akamuke dzuwa likakwera. Mame okhala miyezi 8 asanduka cinyezi cogwetsa khoma.

Kodi tsono mnyamata wosauka akhale kwao? Ena amaweruza cotero, ndipo ciweruzo cao cimamveka canzeru, koma nca nkhanza. Cikadatsatidwa, kuyenda kukadakhala kwa ana a olemera okha. Kasenengwa anakhala boma pa yekha mu 2018 atapatulidwa ku Chipata, koma akali dziko la khasu, kumene nchito zolipidwa pa mwezi nzowerengeka ndipo munda wa atate ugawidwa pakati pa ana ambiri. Kuuza mwana wa kumeneko kuti asacoke kufikira atalemera ndiko kumuuza kuti asacoke konse. Ndiponso amalume aja a ku Chawama sanagwe kumwamba. Iwonso anafika tsiku lina ndi kacikwama, nagona pa mphasa ya munthu wina amene tsopano anamwalira, ndipo sanambwezere kanthu. Mangawa a mtundu uwu sabwerera kumene anacokera, amapita m'tsogolo. Amene analandiridwa mu 1990 amalipira polandira mwana wa mlongo wace, ndipo mwanayo adzalipira kwa wina amene sanabadwe. Mwini nyumba amene atseka citseko nati, "Ine ndinadzipezera ndekha," kawirikawiri wanama.

Mbiri ya Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto kwa Nyasaland, imasimbidwa pofuna kulimbitsa mitima ya acinyamata. Mu October 1958 iye ananyamuka pansi, wopanda nsapato, ali ndi cakudya ca masiku 5, kankhwangwa, bulangeti ndi mabuku awiri, ati akaphunzire ku America. Anadutsa Tanganyika ndi Uganda, nafika ku Khartoum m'dziko la Sudan patapita pafupifupi zaka ziwiri, ndipo mu December 1960 anafika pa Skagit Valley College m'cigawo ca Washington. Pambuyo pace anaphunzira ku Cambridge nakhala mlembi wa mabuku. Akadadikira kamba wokwana sakadacoka pa khomo. Koma osimba mbiriyi amakonda kukhalitsa pa mapazi opanda nsapato, nalumpha zina. Cakudya ca masiku 5 cinatha msanga, ndipo masiku mazana otsalawo anadya za nchito ya manja ace, akuima pa malo amodzi kugwira ganyu kufikira atapeza copitirira naco, ndi za anthu a m'njira amene maina ao ambiri sanalembedwe. Nyanja nayonso sanaioloke ndi mapazi: ndalama ya ndege inasonkhedwa ndi ophunzira ndi anthu a m'tauni ya Mount Vernon amene anali asanamuone nkhope. Kulimba mtima kunali kwace, koma ulendowo unalipidwa ndi khamu.

Ku Germany kuli mwambo wakale umene ulipobe, wa amisiri acinyamata, makamaka a matabwa, amene akatsiriza kuphunzira nchito amayendayenda zaka 3 ndi tsiku limodzi ali ndi ndodo ndi kamtolo, akupempha kukwezedwa m'njira ndi kugona kumene alandiridwa. Malamulo a magulu ao ngolimba. Wonyamuka akhale wosakwatira ndi wopanda ngongole, asayandikire kwao makilomita 50 kufikira nthawi itakwana, ndipo asacite kanthu koipitsa dzina, pakuti khomo limene iye walitseketsa latsekekera onse obwera m'mbuyo mwace. Iwo amanyamuka ndi ndalama zocepa ndithu, koma sayesedwa opemphapempha, cifukwa afika ndi luso m'manja, ndipo mwini nyumba ali yense adziwa kuti adzacoka.

Cotero kusiyana kwa mlendo ndi mtolo sikuli m'kukula kwa thumba. Kuli m'zinthu zimene ngakhale wosaukitsitsa angathe. Angathe kuimba foni asananyamuke napempha malo, m'malo mwa kungotulukira pa khomo madzulo pamene mwini nyumba sangathenso kukana. Masiku ano mudzi wopanda foni ngwosowa, ndipo wofika modzidzimutsa wacitira dala. Angathe kunena zoona za cimene wadzera ndi masiku amene ayembekeza kukhala. Angathe kusenza kathumba ka ufa, nyemba kapena nsawa, zimene ku Kasenengwa zituluka m'nkhokwe koma ku Lusaka ndi ndalama. Angathenso kudzuka woyamba, kutunga madzi, kusesa, ndi kuperekeza ana kusukulu. Pali anyamata ena amene satifiketi ya Giredi 12 imawalemera m'manja kotero kuti sangathenso kunyamula cigubu. Amakhala pa mpando kudikira tiyi, maso ali pa foni imene magetsi ace alipira azakhali. Otere akabwezedwa amakasimba ku mudzi kuti abale a m'tauni ngouma mtima, ataiwala cilangizo ca akulu cakuti poyenda munthu asiye phazi, asasiye mlomo.

Cimene munthu ayendera ciri ndi kanthu pa mlanduwu. Wopita kukaonekera kwa olemba nchito, kapena kukatenga malo pa koleji, ali ndi cifukwa comveka ca kupempha mbuzi ya amace, pakuti zikatheka phindu lidzafika ku nyumba yonse. Wongofuna kuona dziko sanalakwe ai. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo munthu amene sanatulukepo m'mudzi amakhulupirira bodza liri lonse lonena za kunja. Koma ulendo wa maso uyenera kulipidwa ndi thukuta la mwini maso: kuthyola thonje, kuumba njerwa, kapena kunyamula anthu pa njinga m'miseu ya Chipata. Ndipo dziko siliyambira ku Lusaka. Lilongwe ali pafupi koposa, pa mtunda wosafika makilomita 150 kucokera ku Chipata podzera pa Mwami. Mu February Angoni amasonkhana ku Mtenguleni pa Nc'wala; mu August Acewa a maiko atatu amakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi; ndipo ku Mfuwe alendo amabwera pa ndege kucokera kutsidya kwa nyanja kudzaona nyama zimene ana ambiri a m'cigawo comweco anaziona m'buku la sukulu lokha.

Pali malire ena amene kusowa kumakankhira munthu kuti awalumphe. Kunamiza kondakitala, kubwereka kwa mnzace wa ku sukulu podziwa kuti sadzabweza, kuimbira mai kuti nchito yapezeka koma ifuna ndalama ya mapepala pamene ndalamayo ndi yodyera, zonsezi amazicha kucenjera kwa pa ulendo. Njala imacepetsa mlandu, ndipo woweruza wokhuta aziweruza mofatsa. Koma njala siisandutsa bodza kukhala coona, ndipo wonamizidwayo nthawi zambiri ndi wosauka mnzace, pakuti wolemera safikirika.

Coopsa koposa ndi cakuti cibalo cinangosintha zobvala. Munthu wobwera ndi mau okoma, wolonjeza nchito ya m'nyumba ku Lusaka, ya m'sitolo ku South Africa kapena ya kutsidya kwa nyanja, nanena kuti tikiti, pasipoti ndi cakudya alipira yekha, waima pa dooko lomwe lija pamene anaima olemba a 1903. Atsikana ndiwo asakidwa koposa. Akafika amauzidwa kuti ali ndi ngongole ya ulendo, mapepala ao asungidwa ndi bwana, ndipo malipiro amka ku ngongole imene siitha. Dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo loletsa malonda a anthu mu 2008, koma lamulo limafika mlandu utacitika. Cimene cimacinjiriza mtsikana pa tsiku lenilenilo ndi funso lakuti wolipirayo apindulanji, ndiponso ndalama yobwerera imene iri pa thupi pace, yosadziwika kwa wina ali yense.

Ndalama yobwererayi acinyamata amaiyesa cizindikiro ca mantha, monga ngati woisunga wabvomera kale kulephera. Mbiri ya dera lino ionetsa zina. Mau akuti machona, onena anthu amene anapita ku nchito osabweranso, sanapangidwe cifukwa ca anthu oipa mtima okha. Ambiri anachona cifukwa ca manyazi. Ananyamuka mudzi wonse ukuona, atalonjeza njinga, makina osokera ndi nsalu ya mai. Caka coyamba sanapeze, nati adikire caciwiri. Pofika cacisanu kubwera cimanjamanja kunali kobvuta koposa kukhala, ndipo pofika cakhumi makalata analeka. Ku Zimbabwe kuli zidzukulu za anthu otere m'mapulazi, m'migodi ndi m'makomboni, za makolo ocokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, zobvina Gule Wamkulu kutali ndi kwao. Lamulo la dzikolo la 2001 linasiya ambiri a iwo opanda dziko lowawerenga nzika, kufikira malamulo atsopano a 2013 anayamba kukonza zimenezo. Ku mudzi kunatsala akazi olima okha, ndi ana odziwa atate ao pa cithunzi.

Pamenepa mudzi nawonso uli ndi mlandu wace. Mudzi umene umaseka mnyamata wobwera wopanda kanthu, numpatsa dzina lacipongwe pa bwalo la mowa, ndiwo umapanga machona. Kumene kubwerera kuli kololedwa, mnyamata angathe kuyesa miyezi itatu, naona kuti sizinatheke, nafika mvula isanagwe kudzagwira khasu, ataudziwa mzinda ndi maso ace osati ndi nkhani za anzace. Ameneyo wataya mbuzi imodzi, ndipo mbuzi ibwezeka.

Komabe ngakhale ndalama yobwerera siimasula mfundo zonse. Pangakhale mnyamata amene wacita zonse moyenera: anapempha malo, anabwera ndi ufa, amatunga madzi m'mawa uli wonse, ndipo ndalama yace yobwerera anaisokerera m'mpendero wa buluku monga anamuuza amace. Patapita masabata 6 mwana wa amalume adwala usiku, mankhwala amene alembedwa afunika kugula, ndipo m'nyumba monse mulibe ndalama ina koma ija ya m'mpendero, imene palibe aidziwa. Akaitulutsa wadula njira yace ya kwao, nasanduka cimene anaciopa, mlendo wosatha kucoka. Akaibisa adzadya nsima ya m'nyumbamo mawa lace akudziwa cimene wabisa. Akulu amene anamlangiza kuti ndalamayo asaikhudze zibvute zitani ndi omwewo amene anamphunzitsa kuti mwana wa mnzace ndi wace yemwe, ndipo usiku umenewo sali pafupi kuti anene lamulo limene lipambana linzace. Mnyamata woleredwa bwino amamasula ulusiwo, nati, "Amalume, tengani iyi, tithamange." Pamenepo nkhani ya mlendo ndi mwini nyumba yatembenuka. Tsopano amalume ndiwo ali ndi mangawa, ndipo ulendo wobwerera ku Kasenengwa udikira kutha kwa mwezi, malipiro a mlonda akalandiridwa, lendi ndi makala zitayamba zacotsedwa.